Mwagula kompyuta kwa munthu wina? Chotsani maakaunti akale ndi kubweza malo pa disiki motere

Kompyuta imene inali ya munthu wina imabwera mwini wake wakale akadali mkati. Mukaiyatsa mumapeza dzina lake pa sikirini yolowera, nthawi zina pamodzi ndi la mwana wake kapena la mnzake wa kuntchito. Mukatsegula This PC mumaona mzere wa disiki C uli wofiira, kutanthauza kuti malo otsala sakufika 10 peresenti. Zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Akaunti iliyonse ili ndi foda yakeyake mu C:\Users, ndipo mmenemo ndi mmene mumaunjikana zithunzi, mavidiyo, nyimbo, zotsitsa pa intaneti ndi zotsalira za mapulogalamu. Mukachotsa akaunti moyenera, malo ambiri amabwerera nthawi yomweyo.

Chachikulu pa ntchitoyi ndi kudziwa choyamba ndi chotsiriza. Munthu amene amathamangira kufufuta asanakonze polowera pake amatha kudzitsekera kunja kwa kompyuta imene walipira yekha. Malangizowa ndi a Windows 10 ndi Windows 11, ndipo mayina a mabatani ndawalemba monga muwaonere pa sikirini.

Musanafufute kalikonse

Yambani ndi wogulitsa akadali pafupi. Mufunika pasiwedi ya akaunti imene ili ndi mphamvu za Administrator, chifukwa akaunti wamba singachotse inzake. Mufunseninso ngati pali mafayilo amene akuwafuna. Anthu ambiri amagulitsa kompyuta ataiwala kuti zithunzi za ukwati kapena makalata a kuntchito alibe kwina kulikonse. Ngati akuzifuna, azikopere yekha pa flashi yake inu muli pompo. Ngati simungamupeze, musayambe kutsegula mafoda ake kuti muone zimene zilimo. Munagula makina, nkhani za m'nyumba mwake si zanu.

Muuzeninso kuti alowe pa account.microsoft.com ndi kuchotsa kompyutayo pa mndandanda wa zipangizo zake. Ngati poyatsa, Windows isanayambe n'komwe, pakubwera kabokosi kofunsa pasiwedi, imeneyo ndi ya BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa makinawo Windows isanayambe. Aichotse iyeyo musanasiyane, chifukwa pa malaputopu ambiri a masiku ano imeneyi sichoka ngakhale mutaikamo Windows yatsopano.

Kenako tsegulani Settings, pitani pa Accounts, ndi kudina Access work or school. Mukapeza dzina la kampani kapena la sukulu, imani kaye. Pali batani la Disconnect, ndipo nthawi zina limakwanira. Koma makampani ambiri amalembetsa makompyuta awo ku Microsoft kudzera mu Windows Autopilot, ndipo kompyuta yotere, ngakhale mutaifufuta yonse, ikangolumikizidwa ku intaneti imafunsanso akaunti ya kampaniyo. Amene angaimasule ndi kampaniyo yokha. Wogulitsa akalephera kuonetsa kuti inamasulidwa, m'bwezereni katundu wake.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri amachidumpha, ndipo n'chimene chimapweteka kwambiri patsogolo: BitLocker. Iyi ndi njira imene Windows imatsekera zonse za pa disiki kuti wakuba asaziwerenge. Pa makompyuta ambiri atsopano imadziyatsa yokha munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo kiyi yotsegulira, ya manambala 48, imakasungidwa mu akaunti ya munthuyo. Inu mudzagwiritsa ntchito kompyutayo miyezi yambiri popanda vuto. Tsiku limene mudzasinthe kena kake mu BIOS kapena kukonzetsa bodi yake, idzakufunsani kiyi imene ili kwa munthu amene munasiyana naye kalekale. Zili ngati kulowa m'nyumba ya lendi osasintha loko, makiyi ena ali kwa amene anatuluka.

Kuti muone ngati ndi yoyatsa, lembani cmd pa Start (cmd ndi windo yolembamo malamulo), dinani Run as administrator, ndi kulemba:

manage-bde -status

Mukaona kuti Protection On, pitani ku Settings, Privacy & security, Device encryption pa Windows 11, kapena Update & Security, Device encryption pa Windows 10, ndi kuizimitsa. Pa Windows ya Pro mupeza Turn off BitLocker mu Control Panel. Kumasula disiki kumatenga nthawi, choncho lumikizani chaja ndi kuisiya imalize. Mudzaiyatsenso pamapeto muli mu akaunti yanu, kuti kiyi yatsopano ikhale yanu nokha.

Kodi osangofufuta zonse bwanji?

Kunena zoona, pa makompyuta ambiri ogula kwa wina, njira yabwino ndi imeneyi. Simudziwa zimene mwini wakale anaikamo, ndipo kuchotsa akaunti yake sikuchotsa mapulogalamu amene anaikira kompyuta yonse. Windows ili ndi batani la ntchitoyi. Pa Windows 11 lili pa Settings, System, Recovery, Reset PC; pa Windows 10 lili pa Update & Security, Recovery, Get started. Sankhani Remove everything. Ikakufunsani pakati pa Cloud download ndi Local reinstall, dziwani kuti yoyambayo imatsitsa Windows yatsopano ndipo imatha kudya kupitirira 4 GB ya intaneti, pamene yachiwiriyo imagwiritsa ntchito mafayilo amene alimo kale. Pa Change settings pali Clean data. Mukaiyatsa, ntchitoyo imatha kutenga maola angapo, koma mafayilo a mwini wakale amakhala ovuta kuwabwezeretsa.

Musanadine batani lomaliza, onani pa Activation mu Settings ngati Windows ili ndi digital license. Laisensi yotere imamangirizidwa ku makinawo, ndipo imabwerera yokha mukalumikiza intaneti. Dziwaninso kuti Windows 11 ikamayamba mwatsopano imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft, choncho konzekeranitu.

Pali zifukwa zomveka zosafufutira zonse. Mwina muli pulogalamu imene wogulitsa wakusiyirani pamodzi ndi laisensi yake, mwina intaneti yanu singakwanitse kutsitsanso zonse, mwina makinawo ndi akale ndipo madalaivala ake, timapulogalamu toyendetsa zipangizo za mkati, ndi ovuta kuwapeza. Ngati zili choncho, pitirizani ndi zotsatirazi.

Pangani akaunti yanu choyamba

Muli mu akaunti ya mwini wakale, tsegulani Settings, Accounts, kenako Other users pa Windows 11 kapena Family & other users pa Windows 10. Dinani Add account kapena Add someone else to this PC. Ngati muli ndi imelo ya Microsoft, ilembeni. Ngati mukufuna akaunti ya pakompyuta pomwepo, dinani I don't have this person's sign-in information, kenako Add a user without a Microsoft account. Lembani dzina lalifupi lopanda mipata, chifukwa limenelo ndi limene lidzakhale dzina la foda yanu mpaka kalekale.

Apa ndi pamene pamafunika kusamala. Akaunti yatsopano imabadwa ili Standard User. Idineni, sankhani Change account type, ndi kuisintha kukhala Administrator. Mukatero yambitsaninso kompyuta ndi Restart, osati kungodina Switch user, kuti akaunti yakale itsekeke kwathunthu. Lowani mu yanu ndi kuyesa kutsegula cmd ndi Run as administrator. Ikangofunsa Yes kapena No, osafunsa pasiwedi ya munthu wina, ndiye kuti mphamvu muli nazo.

Ena amaona ngati chidule ndi kungosintha dzina la akaunti yakale n'kuikapo lawo. Sindikulimbikitsa zimenezi. Foda ya mu C:\Users imakhalabe ndi dzina lakale, mapasiwedi ake osungidwa mu Chrome kapena Edge amakhalabe momwemo, OneDrive yake, yosungira mafayilo pa intaneti, imapitiriza kulumikizana, ndipo mafayilo anu angayambe kupita ku akaunti yake ya pa intaneti inu osadziwa.

Tsopano chotsani zakale

Bwererani pa Other users. Dinani dzina la mwini wakale, kenako Remove, kenako Delete account and data. Palibe batani lobwezera pambuyo pake, ndipo mafayilowo sapita mu Recycle Bin. Chitani chimodzimodzi ndi maakaunti ena onse amene si anu. Ngati mukufuna kumusungira mafayilo kaye, dzerani ku Control Panel, User Accounts, Manage another account, Delete the account. Kumeneko kuli Keep Files, imene imaika zina za mafayilo ake mu foda pa desikitopu yanu. Malo sabwerera mpaka fodayo mutaisamutsira pa flashi ndi kuifufuta.

Musapite mu C:\Users kukafufuta foda ya munthu ndi dzanja akaunti yake ikadalipo. Windows imasunga mndandanda wa maakaunti kwina, m'kaundula wake wotchedwa Registry, ndipo mukangochotsa foda, dzinalo limatsalabe pa sikirini yolowera lili ndi akaunti yopunduka.

Zosiyana nazo zimachitikanso: akaunti inachotsedwa kale, koma foda yake yatsala ikudya malo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, ndi kudina Settings pansi pa User Profiles. Mndandanda umatenga kanthawi kuti utseguke chifukwa umawerengetsa kukula kwa aliyense. Mizere yolembedwa Account Unknown ndi ya anthu amene maakaunti awo kulibenso. Isankheni umodziumodzi ndi kudina Delete. Default Profile musaikhudze, chifukwa ndi imene Windows imakopera popanga akaunti yatsopano.

Kuti mutsimikize kuti palibe akaunti yobisala, lembani net user mu cmd. Muona mayina monga Administrator, Guest, DefaultAccount ndi WDAGUtilityAccount. Amenewa ndi a Windows yeniyeniyo, kawirikawiri amakhala ozimitsa, ndipo sadya malo oti n'kudandaula nawo. Asiyeni. Dzina lina lililonse lachilendo ndi limene muyenera kulifufuza.

Patsala malo atatu amene Delete account and data siwafika. Oyamba ndi C:\Users\Public, foda yogawana, imene simuyenera kuichotsa koma mutha kutulutsa zamkati mwake. Achiwiri ndi mafoda amene munthuyo anapanga pamwamba pa C kapena pa disiki D, okhala ndi mayina monga Backup, Movies kapena New folder. Windows ikakuuzani kuti mulibe chilolezo, dinani Continue. Achitatu ndi Recycle Bin. Akaunti iliyonse imakhala ndi yakeyake, ndipo zimene mwini wakale anataya zimatha kutsalira mobisika pamene yanu ikuoneka yopanda kanthu. Mu cmd ya Administrator lembani mosamala, chilembo ndi chilembo:

rd /s /q C:\$Recycle.Bin

Lamulo limeneli limafufuta mosafunsa, choncho werenganinso zimene mwalemba musanadine Enter. Windows imapanganso Recycle Bin yatsopano yokha.

Mapulogalamu amene anasiya

Tsegulani Settings, Apps, kenako Installed apps kapena Apps & features, ndi kusanja mndandanda potengera kukula. Magemu ndi amene amakhala pamwamba, ena opitirira 50 GB imodzi yokha. Chotsani amene simukuwafuna.

Yang'anani makamaka mapulogalamu olowera pakompyuta uli kutali, monga TeamViewer ndi AnyDesk. Si oipa mwa iwo okha, koma ngati mwini wakale anawakonza kuti azilowa popanda kufunsa, akhoza kuona sikirini yanu ali kwawo. Achotseni, mudzaikenso nokha mukawafuna. Antivayirasi imene nthawi yake inatha ichotseninso; Microsoft Defender, imene ili kale mu Windows, imayamba kugwira ntchito inayo ikachoka. Mukatero pitani ku Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, ndi kuyendetsa Full scan, makamaka ngati mwapeza mapulogalamu othyoledwa amene anaikidwa popanda laisensi.

Zimene simuyenera kuchotsa ndi mizere yambirimbiri ya Microsoft Visual C++ Redistributable, ngakhale ikuoneka ngati yobwerezabwereza ndi zaka zosiyanasiyana. Mapulogalamu osiyana amadalira zaka zosiyana, ndipo yonse pamodzi ndi yaying'ono. Siyaninso chilichonse chokhala ndi dzina la Intel, AMD, NVIDIA kapena Realtek, pokhapokha mukudziwa bwino ntchito yake. Ambiri mwa amenewa ndi madalaivala a mawu, a sikirini ndi a Wi-Fi.

Zinyalala za Windows yeniyeniyo

Lembani Disk Cleanup pa Start, sankhani C, ndipo ikatseguka dinani Clean up system files. Popanda batani limeneli mungoona tizinthu ting'onoting'ono. Chongani Windows Update Cleanup, Temporary files, Delivery Optimization Files, Thumbnails ndi Previous Windows installation(s) ngati ilipo. Yotsirizayi ndi foda ya Windows.old, imene imatsala kompyuta ikakwezedwa kuchoka pa Windows ina kupita pa ina. Imayenera kudzichotsa yokha pakatha masiku 10, koma nthawi zina imatsalira, ndipo imatha kupitirira 10 GB. Mukaichotsa simungathenso kubwerera ku Windows yakaleyo. Zomwezi zikupezekanso pa Settings, System, Storage, Temporary files, koma kumeneko samalani ndi bokosi la Downloads ngati mwayamba kale kusungamo zanu.

Kenako bwererani ku sysdm.cpl, pa System Protection, ndi kudina Configure. Ma restore point, makopi a mmene Windows inalili pa tsiku lina, amene alipo ndi a nthawi ya mwini wakale, ndipo kubwerera ku imodzi mwa imeneyo kungabweze mapulogalamu amene mwangochotsa kumene. Dinani Delete, ikani Max Usage pakati pa 3 ndi 5 peresenti, kenako dinani Create kuti mukhale ndi yanu yoyamba kompyuta ili yoyera.

Pali fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, imene Windows imasungamo zimene munkachita kompyuta ikagona tulo ta Hibernate. Kukula kwake kumakhala pafupifupi 40 peresenti ya RAM, ndiye pa kompyuta ya 16 GB imadya kupitirira 6 GB. Mukalemba powercfg /h off mu cmd ya Administrator imachoka pompo. Dziwani kuti Fast Startup, imene imafulumizitsa kuyaka kwa kompyuta, imazimanso, ndipo batire ya laputopu ikatheratu, ntchito imene simunasunge imatayika. Pa kompyuta ya patebulo ndingazimitse osaganiza kawiri. Pa laputopu yokhala ndi disiki ya 256 GB kapena kuposa, ndingaisiye. Mukasintha maganizo, powercfg /h on imaibwezeretsa.

Mukamasakasaka mudzakumana ndi zinthu zitatu zazikulu zimene zimakopa dzanja: pagefile.sys, foda ya C:\Windows\WinSxS ndi ya C:\Windows\Installer. Musazifufute. Yoyamba imathandiza RAM ikadzaza, yachiwiri ndi nkhokwe imene Windows imadzikonzera ikawonongeka, yachitatu imafunika pochotsa kapena pokweza mapulogalamu ena. WinSxS ili ndi njira yake yoichepetsera:

Dism /Online /Cleanup-Image /StartComponentCleanup

Manambala ake amatha kuima malo amodzi kwa mphindi zingapo. Musatseke windo.

Pa mapulogalamu amene amalonjeza kuyeretsa Registry ndi kuthamangitsa kompyuta kawiri, musataye nthawi. Registry yonse ndi yaying'ono poyerekeza ndi disiki, ndipo kuyeretsako kumatha kuwononga zinthu zimene zinali bwino.

Ngati malo akusowabe

Pezani pulogalamu yoonetsa chimene chikudya malo, monga WizTree kapena WinDirStat, kuchokera patsamba la eni ake. Itseguleni ndi Run as administrator kuti ione mafoda onse. Imajambula disiki yonse ngati mabokosi, lalikulu kutanthauza fayilo yaikulu. Yang'anani mafayilo othera ndi .iso, .vhdx, .vdi kapena .vmdk, amene ndi makopi a madisiki athunthu ndi a makompyuta ongoyerekezera, komanso zotsalira za magemu mu Program Files ndi ProgramData. Chilichonse chimene chili mkati mwa C:\Windows chisiyeni.

Dinaninso batani lakumanja la mausi pa Start ndi kutsegula Disk Management. Nthawi zina mupeza kuti disiki inagawidwa pawiri, C yaying'ono ndi D yaikulu, kapena pali gawo lakuda lolembedwa Unallocated limene silikugwira ntchito. Ngati gawo lakudalo lili kumanja kwa C moyandikana, dinani C ndi batani lakumanja ndi kusankha Extend Volume. Ngati D ilibe chanu chilichonse ndipo ili pa disiki yomweyo pafupi ndi C, mutha kudina Delete Volume n'kuiphatikiza motero. Timagawo ting'onoting'ono tolembedwa EFI System Partition ndi Recovery Partition n'tofunika poyatsa ndi pokonza Windows, ndipo malo ake si oti angakuthandizeni.

Musadabwe mukaona disiki ya 256 GB ikuonetsa 238 GB, kapena ya 500 GB ikuonetsa 465 GB. Palibe wakuberani. Opanga madisiki amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024.

Malaputopu ena otsika mphamvu amabwera ndi 32 GB kapena 64 GB yokha yomatiriridwa pa bodi. Pa amenewa, ngakhale muyeretse chotani, Windows yokha imatenga gawo lalikulu. Ikanimo kadi ya microSD, ndipo pa Settings, System, Storage fufuzani Where new content is saved kuti zithunzi, mavidiyo ndi zikalata zizipita kukadiko.

Kuti disiki isadzazenso mwakachetechete, yatsani Storage Sense pa tsamba lomwelo la Storage. Ikonzeni kuti izitaya za mu Recycle Bin pakatha masiku 30, koma pa Downloads musiye Never.

Onani thanzi la disiki, kenako yatsaninso BitLocker

Disiki ya kompyuta yogula kwa wina yagwira kale ntchito maola amene simukuwadziwa. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disikiyo imasunga zokhudza thanzi lake, n'kukuuzani kuti Good, Caution kapena Bad, pamodzi ndi maola amene yakhala ikuyaka. Ikalemba Caution, musasungepo chinthu chimene mulibe kopi yake kwina, ndipo yambani kuganiza zoisintha. Ngati ndi hadi disiki yakale yozungulira, kuikamo SSD, disiki yothamanga yopanda zozungulira, n'kumene kungathamangitse makinawo kuposa kuyeretsa kulikonse. SSD sifuna defragment, kusanjanso tizidutswa ta mafayilo pa disiki. Optimize Drives ya Windows imadziwa yokha chochita nayo.

Tsopano bwererani ku Device encryption kapena BitLocker ndi kuiyatsa muli mu akaunti yanu. Pa Windows ya Home imafuna kuti mulowe ndi akaunti ya Microsoft kuti kiyi isungidwe. Lembaninso manambala 48 aja papepala ndi kulisunga kutali ndi kompyutayo. Mutha kuwaona polemba manage-bde -protectors -get C: mu cmd ya Administrator.

Ngati makinawo ali pa Windows 10, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna disiki yosachepera 64 GB, RAM ya 4 GB ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, ndipo pulogalamu ya PC Health Check imakuuzani ngati kompyuta yanu ikukwanira. Mukaikweza, Windows.old idzabweranso n'kudya malo amene mwangopeza kumene. Gwiritsani ntchito Windows yatsopanoyo masiku angapo, yesani mawu, Wi-Fi, kamera ndi pulinta, ndipo zonse zikakhala bwino tsegulaninso Disk Cleanup ndi kuchonga Previous Windows installation(s).